Kutumiza kukadula kuposa katundu: zoyenera kuchita musanalipire pa intaneti

Chaka chatha mabatani atatu a kiyibodi ya laputopu yanga anafa. Ndinazungulira mashopu a m'tauni osaipeza, kenako ndinaiona pa intaneti pa madola 11. Mtima unakhala pansi. Ndinaiponya m'dengu la pa tsambalo, momwe mumasonkhanitsa zomwe mukufuna kugula, ndinalemba adiresi, ndipo nditangosankha Malawi pa mndandanda wa mayiko, pansi pake panatuluka nambala ina: kutumiza, madola 52. Ndinayesa ndadina molakwika. Ndinabwerera, ndinalembanso, nambala ija osasuntha. Kanthu kopepuka ngati mbale ya pulasitiki, ulendo wake wokha kudula pafupifupi kasanu kuposa iko komwe.

Tsiku limenelo ndinang'ung'udza kuti akutibera. Nditakhala pansi n'kuwerenga mitengo ya onyamula katundu, ndinapeza kuti ndinkayang'ana molakwika. Kampani yonyamula ilibe nazo ntchito zoti kiyibodi ndi ya madola 11. Chomwe imagulitsa ndi ulendo wa phukusi. Pali wokalitenga kwa wogulitsa, wina wolipima pa sikelo, wina wolemba zikalata za kasitomu, wina wolikweza m'ndege, wina wolitsitsa ku Addis Ababa kapena ku Nairobi n'kulikwezanso ina, wina wolilandira ku Lumbadzi kapena ku Chileka. Manja onsewa amagwira ntchito yofanana, kaya m'katonimo muli wotchi ya golide kaya muli zipi imodzi. Malangizo onse ali m'munsiwa achokera pa mfundo imeneyi.

Choyamba: yesani dengu musanatulutse khadi

Makampani onyamula katundu mwachangu nthawi zambiri amawerenga mitengo yawo m'magawo a theka la kilogalamu, ndipo theka loyamba ndi lomwe limaluma, chifukwa ndi limene lasenza ntchito ya manja onse aja. Kanthu ka magalamu 80 kamalipiridwa ngati ka magalamu 500. Theka lachiwiri limabwera motsika kwambiri, lachitatu chimodzimodzi. N'chifukwa chake wogula kanthu kamodzi ndi amene amalira kuposa onse.

Chitani chonchi. Ikani chinthu m'dengu, sankhani Malawi, pitirirani mpaka pa tsamba lomaliza pomwe akufunsa za malipiro, ndipo lembani papepala mtengo wotumizira. Bwererani, kwezani chiwerengero chikhale ziwiri, lembaninso. Kenako zitatu, kenako zisanu. Mudzaona kuti nambala imaima malo amodzi kwa kanthawi, kenako n'kudumpha. Pomwe yatsala pang'ono kudumpha ndi pamene phukusi ladzaza bwino. Malo onse otsala pakati pa kanthu kanu kamodzi ndi pamenepo mwawalipira kale, kaya muikamo kanthu kaya ayi.

Koma chenjerani ndi misika ikuluikulu ngati AliExpress, eBay ndi Amazon. Dengu ndi limodzi, koma ogulitsa ndi ambiri. Mukatenga chaja kwa uyu, kava ya foni kwa uyo, mahedifoni kwa winanso, nthawi zambiri mwapanga mapukusi atatu, ndipo lililonse lili ndi theka lake loyamba. Yang'anani dzina la wogulitsa pansi pa chinthu chilichonse, ndipo ngati n'kotheka tengani zonse kwa mmodzi ngakhale mtengo wake utakwerako pang'ono. Yang'ananinso kumene katunduyo akunyamukira. Chinthu chimodzimodzi chikhoza kukhala m'nyumba yosungira katundu ku China komanso ku Spain kapena ku America, ndipo mitengo yake yofikira kuno imasiyana kutali.

Za mawu aja akuti free shipping, musawakhulupirire msanga. Ndege siuluka ndi madzi. Tsegulani ogulitsa awiri kapena atatu a chinthu chomwecho, phatikizani mtengo wa katundu ndi wotumizira kwa aliyense, muyerekeze nambala zomaliza. Kawirikawiri waulereyo wangobisa mtengo wotumizira m'kati mwa mtengo wa katundu, ndipo mukagula zisanu mumaulipira kasanu.

Chachiwiri: pimani katoni, osati katundu yekha

Apa ndi pomwe ambiri amagwa. Ndege imatha kudzaza malo isanafike pa malire a kulemera. Matumba a misomali ndi mapilo sangalipire mofanana pa kilogalamu, chifukwa mapilo a makilogalamu 10 amadya malo omwe akanakwana misomali yambirimbiri. Ndiye onyamula katundu ali ndi masikelo awiri: kulemera kwenikweni, ndi kulemera kowerengera kukula kwa katoni, komwe pa mapepala awo amalemba kuti volumetric weight. Amayerekeza ziwirizo n'kukulipiritsani chomwe chili chachikulu.

Masamu ake ndi a ku pulayimale. Tengani utali, mulifupi ndi msinkhu wa katoni m'masentimita, chulukitsani zitatuzo, mugawe ndi 5,000. Yankho lake ndi makilogalamu. Nambala ya 5,000 ndi yomwe DHL, FedEx ndi UPS amagwiritsa ntchito pa katundu wodutsa malire. Onyamula katundu wochuluka pa ndege ambiri amagawa ndi 6,000, zomwe zimakomera inu wolipira. Ngati mukugula ku America, miyeso idzakhala m'mainchesi, amagawa ndi 139, ndipo yankho limatuluka m'mapaundi. Paundi imodzi ndi magalamu pafupifupi 454.

Tiyerekeze kuti mchimwene wanu wa kabaza ya njinga yamoto akufuna chisoti chabwino. Chisoticho chikulemera kilogalamu imodzi ndi theka, koma katoni yake ndi masentimita 35 ndi 28 ndi 28. Mukachulukitsa mupeza 27,440. Mukagawa ndi 5,000 mupeza 5.49, ndipo iwo amakwezera pa theka lotsatira, 5.5. Mulipira makilogalamu asanu ndi theka pa chinthu cha kilogalamu imodzi ndi theka. Makilogalamu anayi enawo ndi mpweya wa ku China. Nsapato nazo n'chimodzimodzi: bokosi la masentimita 33 ndi 22 ndi 13 limawerengedwa makilogalamu awiri, pomwe nsapato zambiri zothamangira sizikwana ndi kilogalamu imodzi yomwe.

Ndiye musanalipire, lemberani wogulitsa. Mufunseni kukula kwa katoni yomwe adzatumizire ndi kulemera kwake atapakira kale, osati miyeso ya katundu yekha yomwe yalembedwa pa tsamba. Ngati ndi nsapato, mupempheni ataye bokosi n'kuziika m'pulasitiki yolimba. Ngati ndi zovala, majuzi kapena zofunda, azifinye n'kuchotsa mpweya. Tinthu ting'onoting'ono tosasweka tilowe mu envulopu ya thovu. Ogulitsa ambiri a ku China anazolowera mapempho otere ndipo amayankha msanga.

Chisoti chokha ndingachisiye m'katoni yake, ndipo zamagalasi ndi zamagetsi nazonso. Kupulumutsa madola 10 n'kulandira skirini yong'aluka si nzeru. Chimene mungachite ndi chisoti ndi kudzaza mimba yake: magolovesi, masokosi ndi tinthu tina tofewa tingakwere ulere m'malo omwe mwalipira kale.

Kumbukiraninso kukwezera kuja. Phukusi la makilogalamu 1.04 limalipiridwa ngati la 1.5. Nthawi zina kuchotsa kabuku ka malangizo kapena kabokosi kokongoletsera kumakutsitsani gawo lathunthu.

Chachitatu: onani ngati muli batire kapena zamadzimadzi

Mabatire a lithium, omwe ali m'mafoni, m'malaputopu ndi m'mapawabanki, amawerengedwa ngati katundu woopsa pa ndege chifukwa amatha kuyaka. Kuyambira mu Epulo 2016 malamulo a ndege padziko lonse saloleza mabatire otere, akakhala paokha, kunyamulidwa ngati katundu kumimba kwa ndege ya anthu. Pefyumu, polishi wa zikhadabo ndi zopopera za m'zitini nazo zili m'gulu la zoyaka. Zinthu izi zimafuna kapakidwe kake ndi zikalata zake, ndipo ena amakana kuzinyamula, ena amakweza mtengo.

Pawabanki imodzi ikhoza kukweza mtengo wa katoni yonse ya zovala, kapena kuichedwetsa milungu. Ichotseni m'dengu muone ngati nambala isintha. Ikasintha kwambiri, kaguleni pawabankiyo ku Limbe. Ndipo musayerekeze kuuza wogulitsa kuti abise batire pakati pa malaya. Katundu amadutsa pa makina ounika, ndipo zikapezeka phukusi lonse limaima.

Chachinayi: sankhani njira molingana ndi changu chanu chenicheni

Malawi alibe doko la kunyanja yamchere, ndipo palibe ndege ya anthu yochoka ku China kapena ku America n'kudzatera molunjika kuno. Chilichonse chimasintha ndege panjira, ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, kapena chimatsika sitima ku Beira, Nacala, Dar es Salaam kapena Durban n'kukwera lole. Komanso katundu wolowa m'dziko muno ndi wochuluka kuposa wotuluka, ndiye wobweretsa amawerengera ndi ulendo wobwerera womwe mwina adzayenda wopanda kanthu. Izi simungazisinthe. Chomwe mungasinthe ndi njira.

Ya positi ndiyo yotsika mtengo pa tinthu tosapitirira makilogalamu awiri. Chifukwa chake chili m'mbiri. Mapositi ofesi a mayiko ali pa mgwirizano wa Universal Postal Union, womwe unakhazikitsidwa mu 1874 ku Bern, ndipo amalandirirana makalata ndi timapukusi pa mitengo yogwirizana. Kwa zaka zambiri China inkawerengedwa m'gulu la mayiko osauka pa mgwirizanowu, ndiye inkalipira zochepa kwambiri kuti timapukusi take tigawidwe m'mayiko olemera. Umo ndi mmene anthu anazolowerera kugula kanthu ka dola imodzi n'kukatumiziridwa ulere. America itaopseza kuti ituluka, mayiko anakumana ku Geneva mu Seputembala 2019 n'kusintha dongosololi, ndipo mitengo inayamba kukwera kuyambira mu 2020. Komabe positi ikadali yotchipa kuposa njira zina. Mtengo wake weniweni ndi kudikira: milungu ingapo, nthawi zina miyezi, ndipo nambala yolondolera katundu imatha kukhala chete phukusi likangochoka ku China. Ngati pali mwayi wosankha yolembetsa, yokhala ndi tracking number, onjezerani kadola kameneko. Njirayi ndi ya zinthu zoti zikachedwa simugona ndi njala.

Ya makampani achangu ndi ya masiku ochepa, ndipo imadula. Pamwamba pa mtengo wa kulemera pamabwera fuel surcharge, yomwe ndi peresenti yowonjezera yotsatira mtengo wa mafuta a ndege ndipo imasinthasintha. Ngati adiresi yanu ili kutali ndi mizinda yomwe ali ndi maofesi, pamabweranso ina ya madera akutali. Walira mvula walira matope. Koma pali nthawi yomwe njirayi ndiyo yanzeru. Ngati chigayo chaima chifukwa cha kachitsulo kamodzi ndipo tsiku lililonse mukutaya ndalama ya makasitomala, madola 60 a kutumiza ndi ochepa kuyerekeza ndi mwezi wathunthu chigayo chili chotseka. Werengani zomwe kudikira kukuwonongerani. Zikakhala kuti palibe, musalipire changu.

Yachitatu ndiyo yomwe ochita geni ambiri amadutsira: maejenti osonkhanitsa katundu. Ejenti amakhala ndi nyumba yosungira katundu, kawirikawiri ku Guangzhou, ndipo amakupatsani adiresi yake ndi chizindikiro chanu. Inu mumagula, wogulitsa amatumiza ku adiresi ija pa mtengo wa m'dziko momwemo, womwe ndi wochepa, ndipo ejenti amaphatikiza katundu wanu ndi wa anthu ena ambiri n'kutumiza pamodzi. Theka loyamba lija limagawidwa pakati pa gulu. Pa ndege amalipiritsa pa kilogalamu. Pa sitima amalipiritsa pa CBM, lomwe ndi bokosi la mita imodzi mbali zonse zitatu. Dongosolo lomweli liliponso ku America ndi ku Britain, ndipo ku America n'kwabwino kusankha adiresi ya ku Delaware kapena ku Oregon, komwe kulibe msonkho wa pogula wa boma la chigawo.

Safunsa anadya phula, ndiye musanatumize kanthu kwa ejenti mufunseni, ndipo mayankho akhale olembedwa pa WhatsApp osati a pakamwa. Kodi mtengo wa pa kilogalamu waphatikiza msonkho ndi kuombola katundu, kapena zimenezo n'zapadera? Kulemera kochepetsetsa komwe amalipiritsa ndi kotani? Amagawa ndi 5,000 kapena 6,000? Katundu amanyamuka tsiku lokhazikika kapena amadikira kuti adzaze? Akasowa, amabweza chiyani? Funsaninso anthu awiri omwe analandirapo katundu kudzera mwa iyeyo, ndipo ulendo woyamba muyesere kanthu kotchipa.

Za sitima ndinene mwachidule: si ya tinthu tating'ono. Imakomera katundu wolemera kapena wamkulu, monga mipando, matayala ndi makina, ndipo imafuna miyezi. Kontena ikatsika pa doko iyenera kudikira lole yodzera ku Mwanza, Dedza kapena Songwe, kapena sitima ya pamtunda ya ku Nacala yolowera pa Nayuchi, ndipo paliponse pali zolipira. Kuika kava ya foni m'njira imeneyi n'kupha ntchentche ndi nkhwangwa.

Yotsala ndi ya ku Joni. Zinthu zambiri zomwe timazisaka ku China zilipo m'mashopu a pa intaneti a ku South Africa, ndipo mabasi ndi matransipota amayenda msewu wa Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza mlungu ndi mlungu. Ngati muli ndi m'bale kumeneko, tumizani katundu ku adiresi yake, iye apereke kwa wonyamula wodziwika kapena abwere naye pa Khirisimasi. Pemphani mwaulemu: "Achimwene, pali kaphukusi kakang'ono kafike kwanuko, mukatsegule muone zili m'katimo, ndipo ya mayendedwe nditumiza." Munthu asanyamule chinthu chomwe sanachione pa malire a mayiko atatu. Ndipo musaiwale kuti sutikesi yake ili kale ndi mndandanda wa apongozi.

Chachisanu: werengani msonkho, chifukwa nawo umakwera pa mtengo wotumizira

Ichi ambiri sachidziwa mpaka atalandira foni yoti abwere ndi ndalama. A MRA sawerengera msonkho pa mtengo wa katundu wokha. Amaphatikiza mtengo wa katundu, wa inshuwalansi ndi wotumizira, zomwe amazitcha CIF, n'kuwerengera msonkho wa kasitomu pamenepo. Kenako VAT imawerengedwa pa zonsezo kuphatikizapo msonkho wa kasitomu uja. Ndiye kuti dola iliyonse yomwe mwalipira pa kutumiza imabereka msonkho wake.

Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopeka kuti tione kayendedwe kake. Katundu ndi wa madola 20, kutumiza madola 45, zonse pamodzi 65. Tinene kuti msonkho wa kasitomu pa mtundu wa katunduyo ndi 25 peresenti: madola 16.25. Tafika pa 81.25. VAT tiiwerengere pa 16.5 peresenti, mlingo womwe unagwira ntchito kwa zaka zambiri m'dziko muno: madola 13.41. Msonkho wonse ndi madola 29.66, kuposa mtengo wa katundu yemwe, ndipo zonse pamodzi zafika pa 94.66. Chinthu chomwe munachiona pa madola 20 chatsala pang'ono kukwana 95 musanalipire minibasi yokachitenga. Milingo ya msonkho imasiyana malinga ndi mtundu wa katundu ndipo imasintha ndi bajeti ya boma, ndiye funsani a MRA kapena wokiliya katundu mlingo wa lero wa chinthu chanu, muike m'masamu omwewa. Zinthu zina zili ndi msonkho winanso wa excise pamwamba.

Pa tsamba lolipira yang'anani zilembo zitatu. DDP ikutanthauza kuti wogulitsa watolera kale msonkho ndipo phukusi lifika lolipiridwa. DAP ikutanthauza kuti msonkho ukudikira inu. Ngati sanalembe chilichonse, dziwani kuti ndi wanu. Makampani achangu akakulipirirani msonkho kuti katundu atuluke msanga, amaonjezera kandalama kawo ka ntchitoyo, ndiye nako kalowe m'masamu.

Ogulitsa ena adzakufunsani ngati alembe mtengo wotsika pa invoisi, kapena alembe kuti ndi mphatso. Kanani. A kasitomu amaona mapukusi otere tsiku lililonse, ali ndi mphamvu yoika mtengo wawo akakayikira, ndipo pamakhala chindapusa kapena kulandidwa kumene. Komanso phukusi likasowa, amakubwezerani mtengo womwe unalembedwa, osati womwe munalipira. Chomwe muyenera kupempha ndi choti alembe dzina lenileni la chinthucho. Invoisi yongoti "parts" imachedwetsa katundu, ndipo ikhoza kumuika m'gulu la msonkho wokwera.

Chachisanu ndi chimodzi: sonkhanani

Tabwererani ku masamu aja. Tinene kuti muli anthu asanu, aliyense ndi kanthu kake kakang'ono ka madola 20, ndipo katoni imodzi ya zonse itumizidwa pa madola 70. Aliyense gawo lake la kutumiza ndi madola 14. CIF yake ndi 34, msonkho wa kasitomu 8.50, VAT 7.01, zonse 49.51. Kuchoka pa 94.66 kufika pa 49.51, katundu yemweyo, ndege yomweyo. Palibe njira ina m'nkhani ino yomwe ingakuchotsereni zochuluka chotere.

Ife a chipereganyu ndi banki m'khonde sitifunika kuphunzitsidwa kusonkha. Chomwe chimavuta ndi kagawidwe, ndipo ndi pomwe maubale amathera. Musagawe mtengo wotumizira pa mitu ya anthu, kapena pa mtengo wa katundu. Gawani pa kulemera komwe kwalipiritsidwa. Wa chisoti chija alipire makilogalamu ake asanu ndi theka, wa ndolo alipire magalamu ake. Msonkho aliyense alipire wa chinthu chake, chifukwa milingo imasiyana. Gwirizanani zimenezi musanagule, ikani tsiku lotsekera mndandanda, ndipo aliyense atumize ndalama yake pa Airtel Money kapena Mpamba tsikulo lisanafike. Wonena kuti "ndipereka katundu akafika" ndi amene foni yake imadzakhala yozima. Mmodzi akhale wosunga marisiti onse ndipo aziwaponya pa gulu.

Dziwaninso kuti zinthu zofanana zikachuluka m'katoni imodzi, monga mawotchi 30 amtundu umodzi, a kasitomu amaziona ngati katundu wa malonda, ndipo zofunika zake zimakhala zina. Ngati ndi geni, ichiteni ngati geni, ndi mapepala ake.

Kiyibodi yanga ija inadzera njira imeneyi. Inabwera m'katoni imodzi ndi zipi za telala woyandikana nafe ndi mafelemu a magalasi a mnzanga wa ku ntchito. Gawo langa la kutumiza linali madola 9. Ndinadikira milungu isanu ndikulembera pa kiyibodi yobwereka ya waya.

Chachisanu ndi chiwiri: sinthani zonse zikhale m'makwacha

Mitengo yonseyi ndi ya m'madola, inu mumalandira makwacha. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 usiku umodzi. Wonyamula katundu sanakweze kanthu, koma kwa ife kutumiza kunadula pomwepo. Funsani banki yanu mlingo womwe ikugwiritsa ntchito pa khadi, malire a ndalama zakunja omwe yakuikirani, ndi ndalama yomwe imadula pa kugula kunja. Ngati ejenti akufuna makwacha, funsani kuti akuwerengera dola pa zingati, chifukwa kawirikawiri si pa mlingo wa ku banki, komanso ngati ndi mlingo wa tsiku lotumiza kapena la kufika kwa katundu.

Mukapeza nambala yomaliza, imbani foni m'mashopu awiri a ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Wa shopu anabweretsa zake pa kontena, zana limodzi nthawi imodzi, ndipo nthawi zina mtengo wake womwe unkaoneka wokwera umapezeka kuti ndi wotsika kuposa wanu.

Zogula m'dziko momwemuno nazo zimatsata lamulo lomwe lija la phukusi. Diresi ya pa Facebook yochokera ku Blantyre kupita ku Mzuzu ili ndi kabaza wokaisiya ku ofesi ya otumiza, mtengo wochepetsetsa wa phukusi, ndi kabaza wina wokufikitsirani. Kukatenga nokha ku ofesi kumachotsa mmodzi, ndipo kugula pamodzi ndi anzanu a m'dera limodzi kumagawa otsalawo.

Chomaliza: adiresi, kukatenga, ndi zikalakwika

Nyumba zathu zambiri zilibe nambala yomwe dalaivala angaipeze, ndiye chofunika kwambiri pa adiresi ndi nambala ya foni yoyamba ndi +265, yomwe imakhala yoyaka. Dzina lilembedwe monga lilili pa chiphaso cha unzika, chifukwa adzachifuna pokatenga. Ngati mumakhala kutali ndi mzinda, lembani adiresi ya ku ntchito kapena ya m'bale wa m'tauni, kapena sankhani kukatengera ku ofesi yawo, kuti mupewe ndalama ya madera akutali ija. Adiresi yolakwika nayo ili ndi chindapusa chake kwa makampani achangu.

Akakuimbirani kuti katundu wafika, musazengereze. Phukusi likagona masiku ambiri limayamba kuwerengedwa ndalama yosungira. Pitani ndi chiphaso, risiti ya zomwe munalipira, ndi nambala yolondolera. Yang'anani katoni musanasaine. Ngati yaphwanyika kapena yamatidwanso ndi tepi ina, nenani pomwepo ndipo alembe. Mukamatsegula, wina azijambula vidiyo pa foni kuyambira katoni ili yotseka mpaka chinthucho chitayesedwa.

Vidiyo imeneyo ndi yofunika chifukwa kubweza katundu kuchokera kuno n'kosapindulitsa kwa tinthu tating'ono. Ulendo wobwerera nawo uli ndi theka lake loyamba, ndipo nthawi zambiri wolipira ndinu. Palibe amene angalipire madola 50 kubweza malaya a madola 15. Ndiye yesani thupi ndi tepi ya telala m'malo modalira zilembo za M ndi L, zomwe ku Asia zimakhala zazing'ono kuposa zomwe tinazolowera pa kaunjika, ndipo pa zipangizo yerekezani nambala ya modelo chilembo ndi chilembo. Zikafika zolakwika kapena zosweka, tsegulani dandaulo pa msika womwe munagulapo masiku ake asanathe, ikanipo vidiyo ndi zithunzi, ndipo pemphani kuti akubwezereni ndalama yonse kapena gawo lake popanda kubweza katunduyo. Musadine batani lovomereza kuti mwalandira bwino musanachiyese, ndipo katoni yokhala ndi kapepala ka adiresi muisunge kaye mpaka nkhaniyo itatha.